Mabuku a zithunzi za mfuti zakale za kumadzulo kwa America: muyambe ndi liti?

Mabuku ofotokoza mfuti zimene anthu ankayenda nazo kumadzulo kwa America m'zaka za m'ma 1800 ndi ochuluka, ndipo mukawaonera pachikuto mungaganize kuti onse ndi amodzimodzi: volovolo ya Colt yonyezimira, mfuti yaitali ya Winchester itagonekedwa pachikopa, chipewa chachikulu pambali. M'katimo ndiye muli kusiyana. Ena ali ndi zithunzi zamitundu zojambulidwa masiku ano m'nyumba zosungira zinthu zakale. Ena ali ndi zithunzi zakuda ndi zoyera za anthu a nthawi imeneyo atanyamula zida zawo. Ena ndi ojambula pamanja, pamene ena ndi tizithunzi ting'onoting'ono ta zidindo ndi manambala. Mtundu wa zithunzi umene mlembi anasankha ndi umene umalamula mbiri imene wowerenga atuluke nayo. Mabukuwa ndi a m'Chingerezi, ambiri ndi olemera, ndipo kuwaitanitsa kunja kumadya ndalama, choncho ndi bwino kudziwiratu chimene lililonse lingakupatseni.

Nthawi imene tikunenayi ikuyamba cha m'ma 1803, pamene dziko la United States linagula dera lalikulu la Louisiana kwa France, n'kutha cha m'ma 1890. M'zaka zimenezi mfuti inadutsa m'mibadwo itatu. Poyamba inali ya gogodela: wonga ndi chipolopolo kulowetsa kukamwa kwa mpope, kusinja ndi kamtengo, moto wake wochokera pa mwala. Kenako mwala unasiyidwa, kunabwera timakapu tamkuwa toyatsira wonga, ndipo nthawi imeneyi ndi imene volovolo za Samuel Colt zinafala. Itatha nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, kunafala mfuti zimene chipolopolo, wonga ndi choyatsira zimakhala m'khoko limodzi lamkuwa. Palibe buku limene limasamalira bwino mibadwo itatu yonseyi mofanana, ndiye funso loyamba kudzifunsa n'lakuti mukufuna anthu ati: otchera misampha a m'mapiri, okumba golide a 1849, asilikali, osaka njati, kapena abusa a ng'ombe okwera pa akavalo aja timawaona m'mafilimu.

Mabuku akuluakulu a zithunzi zamitundu

Ambiri amayambira pano, ndipo n'zomveka. Lodziwika kwambiri ndi The Peacemakers la R. L. Wilson, lotuluka mu 1992. Zithunzi zake zambiri anakonza Peter Beard, yemwe sankangogoneka mfuti pansalu ayi, koma ankaiyala pamodzi ndi zikopa, mikanda, makalata akale ndi zithunzi za eni ake, tsamba lonse n'kudzaza mpaka m'mphepete. Wilson yemweyo analembanso Colt: An American Legend mu 1985 ndi Winchester: An American Legend mu 1991, ndipo zithunzi za mabuku awiriwa n'zodekha kuposa za loyambalo.

Chimene mabuku amtundu uwu amachita, ena onse sangachite. Tengani volovolo ya Colt ya 1851, imene amaitcha Navy. Pa kamgolo kake kozungulira, momwe mumakhala zipolopolo zisanu ndi chimodzi, fakitale inkadinda chithunzi cha zombo zikumenyana panyanja, nkhondo ya ku Campeche ya 1843 pakati pa zombo za Texas ndi za Mexico, ndipo tsiku lake, 16 May 1843, linalembedwa m'mphepete mwa kamgoloko. Anazokota chithunzicho ndi Waterman Ormsby. Pa volovolo yaing'ono ya 1849 yotchedwa Pocket pali achifwamba akuukira ngolo ya apaulendo. Mizere yake ndi yopyapyala kwambiri, ndipo pa mfuti imene inagwira ntchito inafufutika kalekale. M'buku la zithunzi zakuda ndi zoyera mumangoona ngati kachifunga. Patsamba lalikulu lamitundu mumatha kuwerenga milongoti ya zombozo. Chimodzimodzinso ntchito ya amisiri ozokota zitsulo monga Gustave Young, Louis Nimschke ndi a banja la Ulrich amene ankagwirira ntchito Winchester: masamba opiringizika, mitu ya mimbulu, golide wolowetsedwa m'chitsulo. Amene mumakonda ntchito ya manja, mmisiri wa zitsulo kapena wosema, mabuku awa ndi anu ndipo simudzadandaula.

Vuto lake lili pa mfuti zimene zimalowa m'mabuku oterewa. Mfuti imene yakhala zaka 150 ikadali ndi utoto wake wa kufakitale ndi imene sinagwirepo ntchito. Inali mphatso kwa mkulu wa asilikali, kwa bwanamkubwa kapena kwa mfumu ya dziko lina, ndipo inakalambira m'bokosi la nsalu yofewa. Zili ngati munthu atafuna kudziwa mmene banja limadyera, iye n'kumakayang'ana mbale za m'kabati zodikira alendo. Wowerenga amatseka bukulo akuganiza kuti kumadzulo kwa America munthu aliyense anali ndi volovolo ya chigwiriro cha mnyanga wa njovu.

Mfuti yogwira ntchito inkaoneka mwina. Mu November 2014, ogwira ntchito ku Great Basin National Park ku Nevada anapeza Winchester ya mtundu wa 1873 itatsamira pamtengo m'tchire, pamalo pamene mwini wake anaisiya. Thabwa lake linali litatuwa ndi kung'aluka, chitsulo chitafiira ndi dzimbiri moti inkafanana ndi khungwa la mtengowo. Nambala yake itafufuzidwa m'mabuku a fakitale amene amasungidwa ku Cody Firearms Museum ku Wyoming, zinadziwika kuti inapangidwa mu 1882. Winchester za mtundu umenewu zinapangidwa zoposa 700,000, ndipo zambiri zinatha chonchi: kutha ndi ntchito, kuthyoka, kutayika. M'mabuku onyezimira mfuti zotere zimapatsidwa malo ochepa.

Ngati mtima wanu uli pa zithunzi zamitundu koma mukufunanso mbiri yosamalidwa, ndingakulozereni kwa Joseph G. Rosa, Mngelezi amene anathera moyo wake akufufuza za Wild Bill Hickok, wapolisi wotchuka pa kuwombera mfuti. Buku lake la 1993, Age of the Gunfighter, likukamba za zaka za 1840 mpaka 1900, ndipo lili ndi masamba awiriawiri pamene zida za m'nyumba zosungira zinthu zakale zinayalidwa, chilichonse ndi nambala yake ndi mawu ochifotokoza. Rosa sankafulumira kukhulupirira nthano. Chopereweza chake n'chakuti maso ake ali pa zigawenga ndi apolisi, amene anali kagulu kochepa pakati pa anthu a kumeneko.

Mabuku a zithunzi za nthawi yomweyo

Apa ndi pamene ine ndingaike ndalama zanga poyamba. Louis Garavaglia ndi Charles Worman analemba Firearms of the American West m'magawo awiri: loyamba la zaka za 1803 mpaka 1865, lotuluka mu 1984, ndi lachiwiri la 1866 mpaka 1894, lotuluka mu 1985. Patapita zaka makumi awiri, mu 2005, Worman payekha anatulutsa Gunsmoke and Saddle Leather. Onsewa anasindikizidwa koyamba ndi University of New Mexico Press. Zithunzi zake n'zakuda ndi zoyera, ndipo munthu wongophetsa masamba m'sitolo akhoza kuwadutsa.

Kagwiridwe kawo ka ntchito ndi kamene kamawakweza. M'malo moyamba ndi mfuti imene ili m'bokosi lagalasi n'kuifunira nkhani, iwo anayamba ndi mapepala a nthawiyo: malonda a m'manyuzipepala a ku St. Louis ndi San Francisco, malipoti a asilikali, makalata a apaulendo olembera abale kwawo, mabuku a tsiku ndi tsiku a anthu oyenda pa ngolo. Funso lawo ndi lakuti ndani ankanyamula chiyani, kuti, chaka chiti, ndipo ankati bwanji za chidacho. Yankho limene limatuluka silifanana ndi la m'mafilimu.

Volovolo yotchuka ya Colt yotchedwa Single Action Army, imene ili pachikuto cha mabuku ambiri, inatuluka mu 1873. Pofika chaka chimenecho malonda a zikopa za beaver, kanyama kam'madzi ka ubweya wofewa, anali atazilala kalekale, chipwirikiti cha golide ku California chinali chitadutsa, ndipo njanji yodutsa dziko lonse inali itatha kumangidwa mu 1869. Inkagulidwa pafupifupi madola 17, pamene mbusa wa ng'ombe ankalandira madola 25 mpaka 40 pamwezi. Anthu wamba ankagula zimene akanakwanitsa. Nkhondo yapachiweniweni itatha, boma linalola asilikali kupita kwawo ndi mfuti zawo atalipira ndalama yochepa, madola 6 pa mfuti yaitali ya gogodela, ndipo zambiri mwa zimenezi zinapita kumadzulo pa ngolo za mabanja. Panali tivolovolo totchipa ta m'thumba, panali British Bull Dog ya Webley ndi zotsanzira zake za ku Belgium. Koposa zonse panali chifefe cha mipope iwiri, chimene mlimi ankaphera mbalame ndi akalulu, mlonda wa ngolo ankachiika pamiyendo, ndipo wapolisi wa m'tauni ankachidalira kuposa volovolo. Ngakhale mwa volovolo za Colt za timakapu, imene inapangidwa yochuluka kuposa zonse ndi yaing'ono ija ya 1849, zoposa 300,000. Zinthu ngati izi ndi zimene mabuku a Worman amakuzolowezani kufunsa.

Kusiyana kwa awiriwa n'kotere. Magawo awiri a Garavaglia ndi Worman amayenda motsata zaka ndi mitundu ya zida, mfuti zazitali za asilikali pazokha, za anthu wamba pazokha, zam'manja pazokha. Ndi mabuku ofufuzira, oti mukakhala ndi funso mumatsegula pamalo pake. Gunsmoke and Saddle Leather limatsata kwambiri anthu ndi ntchito zawo, mawu a eni nthawiyo ndi ochuluka, ndipo limawerengeka kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Kwa munthu amene akugula buku limodzi lokha, limeneli ndi limene ndingasankhe. Wophunzira mbiri amene akufuna kulemba kanthu adzafuna magawo awiri aja.

Zithunzi zakale nazonso zimafuna maso ochenjera, ndipo mlembi wabwino amakuchenjezani m'mawu a pansi pa chithunzi. Ojambula ambiri a m'matauni ankasunga mfuti, mipeni ndi zipewa m'nyumba zawo zojambulira kuti makasitomala azibwereka. Mnyamata wongofika kumene kuchokera kum'mawa ankatsomeka volovolo ziwiri m'lamba, mpeni pakati, n'kutumiza chithunzicho kwa amayi ake. Mukaona mfuti imodzimodziyo m'manja mwa anthu osiyanasiyana kumbuyo kuli nsalu yofanana, dziwani kuti ndi ya wojambula. Zithunzi zojambulidwa panja, pamsasa kapena pantchito, ndi zimene zimanena zoona kwambiri.

Chitsanzo chimene aliyense wokonda mabukuwa ayenera kuchidziwa ndi chithunzi cha chigawenga chotchuka Billy the Kid, chojambulidwa ku Fort Sumner, New Mexico, cha m'ma 1880. Waima atapendeketsa chipewa, dzanja lina litagwira Winchester ya 1873 imene thako lake lili pansi, volovolo ili m'chiuno. Pachithunzipo volovoloyo ikuoneka kumanzere, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti mnyamatayo anali wamanzere, mpaka anapangirapo filimu. Amene anathetsa nkhaniyi ndi anthu odziwa mfuti. Winchester ya 1873 ili ndi kachitseko kolowetsera zipolopolo kumbali ya kumanja kokha, koma pachithunzipo kali kumanzere. Chithunzicho ndi cha mtundu wojambulidwa pa kachitsulo kopyapyala, ndipo zithunzi zotere zimatembenuza zinthu ngati kalilole. Ndiye kuti volovolo ija inali kumanja. Kachitsulo kameneko kanagulitsidwa pa okushoni ku Denver mu 2011 pamtengo wa madola 2.3 miliyoni. Mukatenga buku lililonse la nkhanizi, tsegulani pamene pali chithunzi chimenechi muone ngati mlembi wanenapo za kutembenuzikako. Ndi njira yachangu yodziwira ngati anasamala.

Palinso chithunzi cha msewu waukulu wa Dodge City ku Kansas, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870, chimene chikuonetsa chikwangwani choletsa kuyenda ndi mfuti m'tauni. Ku Tombstone, Arizona, kunalinso lamulo lotero, ndipo kuwomberana kotchuka kwa pa 26 October 1881 pafupi ndi khola la akavalo la O.K. Corral, kumene kunatenga masekondi pafupifupi 30 n'kupha anthu atatu, kunabuka apolisi akupita kukalanda zida anthu amene analowa nazo m'tauni. Wolemba mbiri Robert Dykstra atawerenga za matauni asanu a malonda a ng'ombe ku Kansas, anapeza kuti anthu 45 ndi amene anaphedwa pakati pa 1870 ndi 1885. Kwa matauni ang'onoang'ono chiwerengero chimenechi si chochepa, koma chili kutali ndi mitembo ya tsiku ndi tsiku ya m'mafilimu.

Zojambula pamanja, ndi nthawi ya gogodela

Zaka za m'mbuyo mwa 1840 zilibe zithunzi za kamera, choncho buku la nthawi imeneyi limadalira wojambula pamanja. Carl P. Russell, yemwe anagwira ntchito zaka zambiri m'bungwe loyang'anira malo osungira zachilengedwe la National Park Service mpaka kukhala mkulu wa Yosemite, analemba Guns on the Early Frontiers mu 1957 ndi Firearms, Traps, and Tools of the Mountain Men mu 1967. Zithunzi zake ndi za cholembera, mizere yakuda papepala loyera. Ena amaziona ngati zosauka, koma cholembera chimachotsa dzimbiri ndi mithunzi n'kusiya maonekedwe enieni a chitsulo. Kuti mumvetse mmene mwala umakhulira pachitsulo, kachivundikiro n'kutseguka, moto n'kugwera pa wonga, chojambula cha mizere chimaposa kamera. Buku lachiwirilo limapitirira mfuti n'kufika pa misampha, nkhwangwa ndi mipeni, ndipo limaonetsa kuti kwa munthu wa m'mapiri mfuti inali chida chimodzi mwa zida zambiri za ntchito.

M'mabuku amenewa ndi momwe mungakumane bwino ndi mfuti imene ine ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa Colt pa mbiri ya derali, yotchedwa Northwest gun. Inali gogodela yopepuka, mpope wake wosalala m'kati, yotha kuwombera chipolopolo chimodzi kapena timachaka ta mbalame. Makampani a zikopa monga Hudson's Bay Company ndi American Fur Company ankaigulitsa kwa eni nthaka a kumeneko kwa zaka zoposa zana. Kumbali yake kunkakhala kachitsulo kamkuwa kooneka ngati njoka ya mamba, ndipo ogula ankakayang'ana ngati chizindikiro chakuti mfutiyo ndi yeniyeni, moti amisiri a ku Pennsylvania ndi ku Belgium anayamba kukatsanzira. Eni ake ankaisintha kuti igwirizane ndi moyo wawo: kudula mpope kuti izigwirika bwino pa kavalo posaka njati, kukhoma timisomali tamkuwa pathabwa, kumanga pothyoka ndi chikopa chachiwisi chimene chikauma chimagwira ngati chitsulo. Zambiri zinkapangidwa ku London ndi ku Birmingham. Amisiri a ku Birmingham omwewo ndi amene ankapanganso mfuti zamalonda zochuluka zopita ku Africa, ndipo gogodela zimene zinkalowa kuno ndi amalonda a minyanga ndi akapolo kuchokera kugombe zinali za mtundu woyandikana nawo. Amene munaonapo gogodela ya agogo kumudzi mudzazindikira zambiri pa masamba amenewa.

Charles E. Hanson Jr., amene anayambitsa Museum of the Fur Trade pafupi ndi Chadron ku Nebraska, analemba kabuku ka mfuti imeneyi mu 1955, The Northwest Gun. Analembanso The Plains Rifle mu 1960, ndipo mu 1979 anatulutsa The Hawken Rifle: Its Place in History. Lomalizali ndi laling'ono koma linagwedeza anthu. Mfuti za abale awiri a ku St. Louis, Jacob ndi Samuel Hawken, zinkatchulidwa ngati chida cha wotchera misampha aliyense. Hanson atafufuza m'mabuku a malonda a makampani a zikopa anaonetsa kuti pa nthawi imene malonda a beaver anali pachimake, amuna ambiri ankanyamula mfuti zotchipirapo za ku Pennsylvania, ndipo za Hawken zinachuluka pambuyo pake. Mabuku a Russell anasindikizidwanso kangapo ndi chikuto chofewa ndipo sapweteka m'thumba. A Hanson amavutirapo kupeza.

Mabuku a osonkhanitsa mfuti

Awa ndiwadutsa mwachangu, chifukwa analembedwera munthu amene ali ndi mfuti yakale patebulo ndipo akufuna kudziwa ngati ndi yeniyeni. Flayderman's Guide to Antique American Firearms and Their Values, la Norm Flayderman, linatuluka koyamba mu 1977 ndipo kusindikiza kwachisanu ndi chinayi kunali mu 2007. Mtundu uliwonse wa mfuti uli ndi kachithunzi kakuda ndi koyera, zaka zimene unapangidwa, kuchuluka kwake ndi zidindo zake. Mitengo imene ili m'menemo inatha ntchito, koma pofuna kudziwa dzina la mfuti imene mwaiona pachithunzi chakale, palibe lina lolifika. Limayenda bwino kwambiri pambali pa buku la Worman.

Kenako pali a fakitale imodzi imodzi: The Winchester Book la George Madis la 1961, A Study of the Colt Single Action Army Revolver la Graham, Kopec ndi Moore la 1976, ndi Sharps Firearms la Frank Sellers la 1978. Muli masamba ambiri ofotokoza kusintha kwa kasikuluwu kamodzi. Pa la Madis pali chenjezo lodziwika: mndandanda wake wolumikiza manambala a mfuti ndi zaka umasiyana ndi zolembedwa za fakitale zimene zili ku Cody, pa mitundu ina ndi zaka zingapo. Ku America zimenezi zili ndi kanthu, chifukwa lamulo la boma limatenga mfuti yopangidwa mu 1898 kapena m'mbuyo mwake ngati chinthu chakale, osati chida wamba.

Limodzi la gulu ili ndilipatula, chifukwa limakoma ngakhale kwa munthu amene sadzagwirapo mfuti: Packing Iron la Richard Rattenbury, la 1993, lonena za malamba ndi zimake zachikopa. Limaika zithunzi zamitundu za zikopazo pafupi ndi zithunzi zakale za anthu atazivala. M'menemo mumaona kuti chimake cholendewera pantchafu, chomangirira kumwendo, chija cha m'mafilimu, chinabwera m'zaka za m'ma 1900. Anthu a nthawiyo ankavalira volovolo m'mwamba m'chiuno, italowa kwambiri m'chikopa kuti isagwe pokwera kavalo ndiponso isalowe fumbi.

Kwa ongofuna kulawa, timabuku ta kampani yosindikiza ya Osprey ta masamba 80, monga ta Martin Pegler tonena za Winchester ndi za volovolo za Colt, tili ndi zojambula zoonetsa m'kati mwa mfuti ngati yadulidwa pakati. N'totchipa, n'topepuka kutumiza, ndipo timatha madzulo amodzi.

Zimene zithunzi za mfuti sizionetsa

Buku la mfuti limakonda kuima kumbuyo kwa mpope. Amene anali kutsogolo kwake amatchulidwa mwachidule. Mfuti yolemera ya Sharps ya 1874 ndi yokongola pachithunzi, koma ntchito yake yaikulu inali kupha njati za ku America chifukwa cha zikopa. Zinalipo mamiliyoni makumi angapo. Gulu la kum'mwera linatha pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1870, la kumpoto cha m'ma 1883, ndipo pamene William Hornaday ankaziwerenga mu 1889, zam'tchire zinali zitatsala mazana ochepa. Kwa mitundu ya eni nthaka monga a Lakota, Cheyenne, Comanche ndi Kiowa, njati inali chakudya, chovala ndi nyumba. Mlembi amene amatamanda kutalika kwa mtunda umene Sharps inkawombera koma osanenapo za njala imene inatsatira wakupatsani theka la nkhani. Worman sathawa mbali imeneyi, ndipo n'chifukwa china chimene ndimamuikira patsogolo.

Mabuku awiri amatseka mpatawu, ngakhale kuti zithunzi zawo si zokopa. Thundersticks la David Silverman, la 2016, limaonetsa eni nthaka ngati ogula ochenjera amene ankadziwa mfuti yabwino, ankapikisanitsa Afalansa, Angelezi ndi Aamerika kuti apeze wonga, ndipo mitundu ina inakula mphamvu pamene ina inaphwanyika chifukwa cha mpikisano wa zida umenewo. Lina ndi Archaeological Perspectives on the Battle of the Little Bighorn la 1989, la Douglas Scott, Richard Fox ndi anzawo. Moto wolusa utatentha udzu pamalo a nkhondo ya June 1876 ku Montana mu 1983, ofufuza anayenda ndi makina opezera zitsulo pansi mu 1984 ndi 1985 n'kutola makoko a zipolopolo. Mfuti iliyonse imasiya kachipsera kakekake pakhoko, choncho anatha kutsata mfuti imodzi kuchokera pachitunda china kufika pa china. Zinaoneka kuti ankhondo a Lakota ndi Cheyenne anali ndi mfuti za mitundu yambirimbiri, ndipo ambiri ndithu anali ndi Henry ndi Winchester zowombera motsatizana, pamene asilikali a boma la America, otsogoleredwa ndi George Custer, anali ndi Springfield ya chipolopolo chimodzi chimodzi. Zithunzi za m'bukuli ndi mapu ndi matako a makoko a zipolopolo atakulitsidwa, koma ndi zina mwa zithunzi zophunzitsa kwambiri pa nkhani yonseyi.

Pogula

Ambiri mwa mabukuwa mudzawapeza ogwiritsidwa kale ntchito pa misika ya pa intaneti ya AbeBooks kapena eBay, ndipo ndalama yotumizira buku lalikulu la Wilson kapena la Madis ikhoza kuposa mtengo wa bukulo. Ngati muli ndi m'bale amene akubwera kuchokera ku Britain kapena ku America, m'pempheni alinyamule. Musanalipire, onani kaye zithunzi zamitundu zimene nyumba zosungira zinthu zakale za Buffalo Bill Center of the West ndi Autry Museum ya ku Los Angeles zinaika pa intaneti kwaulere. Mwina zikukwanirani, ndalamayo n'kupita ku buku la Worman kapena la Russell, amene mawu awo simungawapeze mwanjira ina. Amene muli ku Britain, Royal Armouries ku Leeds ili ndi mfuti za nthawi imeneyi zoti mukaone ndi maso.

Mabuku a pafoni kapena pakompyuta amachita bwino pa Russell ndi Silverman, koma pa mabuku akuluakulu amafinya zithunzi n'kulekanitsa chithunzi ndi mawu ake, choncho amenewo gulani a pepala. Samalaninso ndi mayina ofanana. Guns of the American West alipo awiri, la Rosa la 1985 ndi la Dennis Adler la 2009, ndipo ndi mabuku osiyana kotheratu. Magawo awiri a Garavaglia ndi Worman amagulitsidwa padera, mutu wake ndi umodzi, kusiyana kuli pa zaka zokha. Ngati mukufuna Colt ya 1873, Winchester ndi osaka njati, gawo lanu ndi la 1866 mpaka 1894, ndipo m'pempheni wogulitsa akutumizireni chithunzi cha chikuto musanatumize ndalama.